Mtengo Waufupi wa Pakona ya Nyumba

Matang, Nonouti
9 Malichi 1997

Bambo a Ruta,

Moni wochuluka. Choyamba ndifuna kumva za moyo wanu kumadzi komwe muliko. Kuno tilipo, ngakhale kuti "tilipo" wakeyo ndi ine ndekha ndi nkhumba ziwiri.

Bokosi lija linafika ndi boti la mwezi watha. Zikomo. Wailesi ndinakhala nayo tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake azakhali anu anatulukira kudzaipempha mwa mwambo wa bubuti, ndipo mukudziwa nokha kuti pempho limenelo munthu sakana. Nsalu zinapita ndi mkazi wa mng'ono wanu Kabiri. Ine ndinatsala ndi bokosilo, ndikusungiramo nsomba zouma. Ndinafufuza m'makona mwake monse kufuna kalata, n'kupezamo kapepala ka mizere inayi, iwiri mwa iyo yonena za mabatire.

Chaka chino tikwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu tili pabanja. Anzanga amati ndinakwatiwa bwino, mwamuna wa pasitima ya pamadzi, nyumba ya malata. Sindiwatsutsa. Koma malata salankhula, amangolira dzuwa likatentha.

Nthawi yovuta ndi yamadzulo, amuna akakwera m'mitengo ya kokonati kukacheka duwa kuti lidonthe karewe, madzi otsekemera aja. Mudzi wonse umangomveka nyimbo zochokera m'mwamba, mkazi aliyense n'kumadziwa kuti uyo ndi wanga, ndiike madzi pamoto. Mumtengo wanu wautali uja mukukwera Kabiri, ndipo kuyimba kwake kuli ngati kwa munthu woponda minga. Karewe amandigawira ndithu, wotsekemera bwino, ndimaphika manyuchi n'kutumizirako Ruta. Koma ine sindinakwatiwe ndi karewe. Inu pansi pano simulankhula, ndinazolowera kalekale. Mukakwera m'mwamba muja ndiye mumayimba, ndipo ndi mmene ndinkadziwira zomwe zili mumtima mwanu. Patchuthi chapitachi simunakwere ngakhale kamodzi. Munati masiku achepa, duwa silingayambe kudontha. Choncho munabwera n'kubwerera osandiuza kanthu.

Mpeni wanu wochekera karewe ndimaupaka mafuta Loweruka lililonse n'kuubwezera pamtanda. Sunadulepo ngakhale mchira wa nsomba.

Mvula yasowa. Chitsime chayamba kumveka mchere, koma zimenezi tinazionapo, si zodetsa nkhawa. Madzi otsukira mbale ndimathirira kamtengo ka kokonati kafupi kaja, ka mbewu ya kwathu ku Beru, kamene ndinabzala pakona ya nyumba inu n'kumakaseka. Thunthu lake landifika m'chiuno tsopano.

Ruta ku Tarawa ndi woyembekezera, adzachira mu Ogasiti.

Munalonjeza kuti kontirakiti iyi ndi yomaliza. Funso langa ndi limodzi: Disembala ameneyu mukubwera kudzakhala? Ndatopa, bambo a Ruta. Chonde musandiyankhe ndi bokosi.

Ine mkazi wanu,
Aroita

Hamburg
2 Meyi 1997

Mayi a Ruta,

Moni. Ndili bwino, ntchito ikuyenda. Ndakondwa ndi nkhani ya Ruta.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo ndapezamo mavuto atatu: wailesi, chitsime ndi karewe. Wailesi ndigula ina, koma imeneyo mudzaibise pansi pa mikeka. Za chitsime ndisiyireni, ndili ndi maganizo. Za karewe, ngati simukukhutira naye ndi chifukwa cha mpeni wa Kabiri, ndi wobuntha ngati supuni. Mupatseni wanga. Ukungomwa mafuta pachabe pamtandapo.

Mwati sindilankhula. Ndilankhule nthawi yanji? Ndikafika kumeneko sabata yoyamba imathera ku maneaba, nyumba ya misonkhano ija, kudyetsa mudzi wonse ndi kuyankha akuluakulu ofuna kudziwa ngati ku Ulaya kulinso nkhumba. Masutikesi amatsegulidwa ine ndisanavule nsapato. Sabata yachiwiri ndimafunsa kumene kumakhala sopo m'nyumba yanga yomwe, inu n'kundiyankha kuti, "Khalani, ndikutengerani." Ndikafuna kutunga madzi, "Khalani." Ndikafuna kukadyetsa nkhumba, "Khalani." Zonse munazikonza kale popanda ine, ndipo mumazikonza bwino. Sindikudandaula. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine ndimaona kuti thandizo langa limakufikani bwino likakhala m'bokosi kusiyana ndi likabwera loyenda ndi miyendo.

Kuno kukuzizirabe. Sitima iyi ili ndi masitepe ambiri kuposa zakale zija, kapena ndi ine amene ndayamba kuwaona.

Za Disembala tiona. Akuluakulu a ntchito andifunsa ngati ndingawonjezere chaka china. Sindinawayankhe. Mdzukulu akubwera ndipo adzafuna zinthu.

Kamtengo kanu kaja kandiseketsanso. Kokonati woti ngakhale nkhumba ingathyole yokha! Imeneyo ndi mitengo ya ana ndi nkhalamba. Musamatayirepo madzi nthawi ya chilala.

Mundilembere kukula kwa phazi lanu, ndaona nsapato zabwino.

Ine,
Taniera

Matang, Nonouti
21 Juni 1997

Bambo a Ruta,

Moni. Ndikhulupirira mukupeza bwino ndi masitepe anuwo. Phazi langa ndi lomwe lija munalikwatira, silinakule.

Mpeni ndapereka. Kabiri anaulandira ndi manja awiri, maso ali tong'o.

"Alamu, mukunena zoona? Mpeni wa achimwene?"

"Atero eni ake," ndinayankha.

Anauyesa pa tsitsi la pamkono, kenako anandiyang'ana. "Ndiye kuti sabweranso kapena?"

Ndinamuuza kuti akafunse nkhumba, mwina inu mumazilembera.

Mpeni umenewo abambo anu anakupatsani ali gone pamkeka womwalirira. Mwamuna wa kuno sapereka mpeni wa karewe akadali ndi mpweya, mukudziwa zimenezi kuposa ine. Tsiku silinathe mudzi wonse unali utamva. Lachinayi tikuluka mikeka ku maneaba, Bwena wa pakamwa uja anayamba.

"Mwamuna akapereka mpeni, amayi, ndiye kuti wapeza kwina komwera karewe."

"Akuti a ku Jeremani ndi oyera ngati m'kati mwa kokonati," wina anawonjezera.

"Ndiye azikawapala yekha," ndinatero ine, tonse n'kufa nazo.

Ndinaseka nawo mpaka nthiti kuwawa. Kulira ndinakalirira kunyumba, ndikusenda nsomba.

Za mkazi wa ku Jeremani sindikuzikhulupirira, musavutike kudzikana. Mkazi wanji angapirire munthu amene amayankha kalata ngati akuwerenga katundu wa m'sitolo? Ine ndili ndi maganizo anga pa chifukwa chimene mwaperekera mpeniwo. Koma si ine woyenera kuyamba kuchitchula. Ndikudikira kuti chichokere pakamwa panu, ndipo ndadikira nthawi yaitali.

Mwandipweteka ndi mawu akuti mlendo. Ine ndikamati khalani, mumamva ngati ndikukuthamangitsani? Zaka zonsezi ndimayesa ndikulankhula ndi munthu wondimva. Inu mumandiona ngati mlonda wa nyumba yanu, ine ndimakuonani ngati boti lobweretsa katundu, ndipo tonse timathokozana mwaulemu. Ulemu wake watikwana.

Kamtengo kanga musakanyoze. Pakati pa masamba pake patupa, china chake chikubwera. Madzi ndikuthirabe, ndi anga otsukira mbale.

Ndikwera boti la mwezi wamawa kupita kwa Ruta. Nkhumba azidyetsa Kabiri. Musasaine chaka china tisanaonane. Chimenechi chokha ndichitireni.

Ine,
Aroita

Santos
25 Juni 1997

Kabiri,

Iwe mbuli ya nyimbo, uli bwanji? Ndamva kuti mbalame zonse zinathawa mumtengo wanga chiyambire iwe kukweramo. Moni kwa mkazi wako ndi ana.

Mpeni ndikhulupirira waulandira. Uzinola ndi mwala wosalala, osati umene umanolera chikwanje. Usandifunse mafunso.

Tamvera tsono. Alamu ako akuvutika ndi madzi amchere, koma ukuwadziwa, sapempha. Ndagula thanki yaikulu ya madzi a mvula kudzera ku ofesi ya ku Tarawa, pamodzi ndi mipaipi ndi simenti. Zifika ndi boti lakumapeto kwa Julayi. Nthawi imeneyo iwo adzakhala ali kwa Ruta, ndipo ndi zimene ndikufuna. Usawauze. Adzangoipeza itaima, kamodzi kokha aone kuti nanenso ndimatha kukonza kanthu panyumba paja iwo asanakonze.

Uiike pakona ya kum'mawa, pamene malata amatsetserekera. Pali kakokonati kafupi pamenepo. Ukadule, uzule ndi chitsa chomwe ngati ungathe, mizu ingadzang'ambe simenti. Mitengo ya kokonati pamalo athu ilipo yosawerengeka, kameneko sikasowa munthu.

Kalata yochokera kwa iwo sindinalandire chichokere ku Hamburg. Mwina anakwiya ndi nkhani ya nsapato. Thankiyi iwaseketsa.

Ndidzakubweretsera tochi.

Mkulu wako,
Taniera

Betio, Tarawa
17 Ogasiti 1997

Bambo a Ruta,

Moni, agogo! Ruta wachira Lachiwiri m'mawa, mwana wamwamuna. Onse ali bwino. Amutcha Taniera. Ali ndi chipumi chanu ndipo salira kawirikawiri, amangoyang'ana kudenga ali duu. Ndamuuza Ruta kuti ayambiretu kumuphunzitsa kulankhula, mtundu wake ndimaudziwa.

Yankho la kalata yanga ya mu Juni sindinalione. Ndapita kawiri ku ofesi yanu kuno kukafunsa. Kalaliki wake anandimwetulira n'kunena kuti, "Mayi, amuna anu amakukondani kwambiri, mukaona kumudzi." Sindinamve chimene amatanthauza, ndipo anakana kumasula. Mtima wanga wakhala ukudumpha kuyambira tsiku limenelo. Kodi mwawauza kuti mukusiya ntchito? Ngati ndi choncho musandibisire, ndine wamkulu, chimwemwe sichingandiphe.

Nanenso ndili ndi changa chokuuzani. Tsiku lomwe ndinkanyamuka, kamtengo kaja kanali katatulutsa duwa loyamba, lonenepa, lalitali ngati mkono wanga. Ndinayerekeza ndi pamene mumafika pachitseko: lili pa msinkhu wa chifuwa chanu. Loyambali lidzamasula ine kulibe, palibe kanthu. Pofika Disembala padzakhala lina. Mpeni tidzaubwereka kwa Kabiri, kapena tidzagula wina, mpeni ndi chitsulo chabe.

Zambiri sindinena. Inu ingobwerani.

Kuno ku Betio anthu ndi ochuluka ngati nyerere, phokoso usana wonse, koma ndagona tulo tabwino kuposa kunyumba. Ndibwerera ndi boti loyamba la mu Seputembala.

Ine mkazi wanu,
Aroita

Matang, Nonouti
12 Seputembala 1997

Taniera,

Moni. Ndafika. Thanki yanu ndaiona.

Kabiri anadzandichingamira kugombe ndi theka la mudzi. Anandilanda katundu, ana akuthamanga patsogolo. "Alamu, tsinzinani!" Ndinakana, ndinati ndingagwe. Titakhota pa tchalitchi ndinaona chinthu chachikulu chotuwa chitatsamira nyumba yanga. Ndinaima. Ndinayang'ana pakona. Ndinayang'ananso, ngati kuti mtengo ungabisale kuseri kwa thanki.

"Kabiri, mtengo wanga uli kuti?"

"Uti? Kafupi kaja? Achimwene anati ndidule. Nkhwangwa zitatu zokha, alamu, kanali kofewa ngati nthochi. Kumtima kwake ana anadya, akuti kunali kotsekemera zedi."

"Duwa sunalione?"

"Ndinaliona. Ndinadabwanso kuti kanthu kakang'ono ngati aka, duwa lonseli! Koma mawu a mkulu ndi mawu a mkulu. Taonani mpopi wake, alamu, mumangopotokola basi."

Azimayi a m'mudzi anaomba m'manja. Bwena anandikumbatira, akuti, "Tinkakunamiza, mnzanga, mwamuna wako ndi mwamuna." Ndinathokoza onse. Ndinapotokola mpopi kuti aone. Simunatuluke kanthu, mvula sinagwe.

Tsopano mverani, poti mwandikakamiza kunena chimene ndinalumbira kuti sindidzayamba ine. Bondo lanu lakumanzere ndi lowonongeka. Ndinaliona zaka zinayi zapitazo, patchuthi chija munabwera ndi makina osokera. Munkatsika mumtengo wautali uja pang'onopang'ono, ndipo mutafika pansi munagwira thunthu nthawi yaitali, mukuyesa kuti palibe akukuonani. Ine ndinali kuseri kwa khitchini. Nyimbo yanu tsiku limenelo inadukira pakati. Patchuthi chotsatira simunakwere n'komwe, munanamizira masiku. Pogona munkatembenuka mukuluma mano. Mkazi amene wagona pambali panu zaka zonsezi mumayesa ndi wogontha?

Ndikanakuuzani bwanji? Kuno kuuza mwamuna kuti sangakwere mtengo ndi kumuvula pagulu. Ndinadziwa kuti ndikangotchula, mudzathawira kunyanja osabweranso. Ndiye ndinalembera mchimwene wanga Tioti ku Beru kuti anditumizire mbewu ya kokonati wamfupi. Ndinaubzala pakona kuti muzidzacheka karewe mutaimirira pansi, kuseri kwa nyumba, kumene anthu a mumsewu saona. Ndinkati mudzabwera, mudzaona duwa pachifuwa panu, mudzamvetsa nokha popanda wina kuchita manyazi. Mwina mudzayimba pang'ono, ngakhale motsitsa, ine ndili m'khitchini. Chilala chonsechi ndakhala ndikusamba madzi ochepa kuti mtengowo umwe.

Ndipo "khalani, ndikutengerani" uja, amene anakupwetekani mpaka kundilembera kuchokera ku Hamburg, ndinkanenera bondo lomwelo.

Sindikuti munachita dala. Chimenecho ndiye chikundiwawa kwambiri. Mukanakhala munthu wankhanza ndikanadziwa chochita nanu. Koma ndinu munthu wabwino amene sanandimvepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo mwina nanenso sindinakumveni. Ndinakulemberani za mtengowo m'kalata iliyonse. Inu munaonamo chitsime.

Ndikanatha kukupemphani mwa bubuti kuti mubwere, ndipo simukanakana. Ndaganizapo kambirimbiri. Koma mwamuna wobwera chifukwa sakanatha kukana ndikamuika pati? Ameneyonso ndi bokosi.

Ndikupita kwathu ku Beru. Sindikukuthawani mwaukali, ndangotopa. Nkhumba ndapereka kwa Kabiri. Makiyi ali kwa azakhali anu, pamodzi ndi wailesi yawo.

Aroita

Betio, Tarawa
20 Novembala 1997

Ababa,

Moni. Ine ndi mwana tili bwino, wayamba kuseka. Ndikhulupirira nanunso muli bwino, ngakhale kuti inu mukanati muli bwino ngakhale sitima ikumira.

Kalata yanu yopita kwa amayi inafikira kwa ine, chifukwa ku Matang kulibe woilandira. Pepani, ndinaitsegula. Mukufunsa ngati thanki yawasangalatsa, ndiponso mukuti mwina musaina chaka china poti panyumba zonse zili m'malo. Ndiye kuti kalata yawo ya mu Seputembala simunailandire. Ku ofesi akuti sitima yanu inasintha njira, makalata akukutsatani m'mbuyo doko ndi doko.

Ababa, amayi anachoka. Ali ku Beru kwa amalume a Tioti kuyambira mwezi watha. Anadutsira kuno, anagona masiku awiri. Sanalire, sanakunyozeni. Anangokhala pakhonde atanyamula mwana, ndipo nditawafunsa kuti adzabwerera liti anati, "Kubwerera kwa ndani?"

Zimene zili m'kalata yawoyo sindikuuzani, si zanga. Koma ndikuuzani zanga. Ine ndinakula ndikuyesa kuti makolo onse amatero: mayi kuyang'ana kunyanja, bambo kutumiza katundu. Mukabwera patchuthi ndinkakuonani nonse awiri mukuzembana m'nyumba ngati anthu ogona pa malo odikira boti, aliyense kuopa kuponda mkeka wa mnzake. Amayi akamakuyang'anani inu mumayang'ana kwina. Inu mukamawayang'ana iwo amakhala atatembenukira kumoto. Ine ndinkaona zonse ziwiri, ndipo ndinkayesa kuti mukudziwa.

Musasaine. Ngati mwasaina kale, kafufuteni. Mwana wanga safuna zinthu, ali ndi matewera okwanira mudzi wonse.

Ndipo bondo limenelo mukaonetse kwa dokotala musanatsike. Inde, nanenso ndikudziwa. Kabiri yekha ndiye sadziwa.

Mwana wanu,
Ruta

Matang, Nonouti
8 Febuluwale 1998

Aroita,

Moni. Ndikufuna kumva za moyo wanu, ndipo ulendo uno ndikufunsa kuti ndimve yankho, osati poyambira kalata chabe.

Ndili kunyumba. Ndinafika masabata atatu apitawo. Sindinasaine.

Kalata yanu ya mu Seputembala inandipeza ku Busan pamodzi ndi ya Ruta ndi ya mu Ogasiti ija, zonse tsiku limodzi. Ndinayamba ndi ya mu Ogasiti. Nditafika pa mawu akuti duwa lili pa msinkhu wa chifuwa changa ndinadziwa zonse, ina ija ndisanaitsegule. Ndinakhala pansi pa masitepe. Mnzanga wina anandifunsa ngati kwagwa maliro kwathu. Ndinati ayi, ndadula mtengo. Anaseka.

Bondo ndinavulala ndi chingwe cha sitima kunyanja ya ku Ulaya. Dokotala akuti silidzabwerera mwakale. Ndinkaopa kubwera kudzakhala pansi madzulo, amuna onse ali m'mwamba, ine ndili pakhonde ngati mayi woyamwitsa. Ndinkaopa kuti mudzandiyang'ana ndi chisoni. Kunyanja palibe amene ankadziwa kuti ndinali woyimba bwino pa Matang yense, choncho palibe chimene ndinkasowa pamaso pawo. Ndinkati bola muzindikumbukira ndili m'mwamba. Sindinaganize kuti munthu wokumbukiridwa sathandiza kutseka chitseko madzulo.

Nthawi yamadzulo ija munkanena, ndaimva tsopano. Kabiri amayimbadi ngati waponda minga. Anabweretsa mpeni kuti andibwezere, ndinamuuza zoona zake, kuti sindingakwere. Iye anati, "Ndiye kamtengo kaja..." Sanamalize. Wakhala masiku awiri osayimba, mudzi wapumako.

Sopo ndamupeza. Amakhala m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. Ndinafufuza tsiku lathunthu, ndipo panalibe wondiuza kuti khalani.

Mvula inagwa sabata yatha, thanki yadzaza. Madzi ake ndi abwino. Ndimamwa ndikuchita manyazi.

Anthu akundilangiza kuti nditenge akuluakulu tibwere ku Beru tidzakupempheni mwa bubuti. Ndakana. Munanena zoona, munthu wobwera chifukwa sakanatha kukana sanabwere. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha, ndipo mukhoza kukana: Tioti anditumizire mbewu ina ya mtengo uja. Ndakumba kale dzenje kuseri kwa khitchini.

Kulemba kalata yopanda katundu n'kovuta. Iyi ndayamba katatu.

Ine mwamuna wanu,
Taniera

Beru
29 Malichi 1998

Bambo a Ruta,

Moni. Mwafunsa za moyo wanga, ndiye ndiyankha. Msana ukundivuta. Ndimagona m'nyumba yodzaza ana a Tioti, phokoso lokhalokha, ndipo masiku ena ndimasowa nyumba yanga mpaka chakudya kundikanika. Masiku ena sindiisowa n'komwe. Zonse ziwiri ndi zoona.

Kalata yanu ndaiwerenga kambiri. Ndi yoyamba imene ndinamvamo mawu anu. Ndinakwiya nayo, chifukwa yandionetsa kuti mumatha, ndipo munkatha nthawi yonseyi. Nanenso ndikanatha kutsegula pakamwa m'malo mobzala mtengo n'kumadikira kuti ulankhule m'malo mwanga. Tinafanana, n'chifukwa chake tinasowana.

Kokonati ali m'thumba la mpunga limene wanyamula woyendetsa boti. Wamera kale, musathyole nsonga. Ndasankha ndekha. Mumukwirire theka lokha, mbali yomera iyang'ane kumwamba. Pansi pa dzenje muikemo makoko ndi zitini zadzimbiri. Mumangire mpanda, nkhumba za Kabiri zilibe ulemu. Madzi muzitunga m'thanki yanuyo, ipezeko ntchito.

Mudzayang'ana m'botimo kufuna ine, ndikudziwa. Mulibe. Ndatumiza mbewu, ine ndatsala.

Musandifunse kuti ndibwera liti, sindikudziwa, ndipo sindikufuna kukupatsani Disembala wabodza. Mtengo umenewo umatenga zaka zinayi kuti utulutse duwa. Woyamba uja ndinaudikira ndekha. Uwu muudikire inu. Muzindilembera mmene ukukulira, tsamba ndi tsamba, ndi zina zonse zimene mumaganiza mukakhala pakhonde madzulo. Boti likachedwa, kapena likabwera lopanda kalata yanga, musadabwe. Muzipitabe kugombe. Mudzazolowera kuima kwake, ine ndikudziwa pamene pali mthunzi: pansi pa mtengo wopendekeka uja, pafupi ndi mabwato.

Mpeni mutenge kwa Kabiri. Muziupaka mafuta Loweruka.

Ine,
Aroita